Mutu 6: Liuli, Kamudzi Kamene Ajeremani Ankakatcha Sphinxhafen

Kumpoto kwa Mbamba Bay, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 motsatira gombe la kum'mawa kwa nyanja imene Amalawi amaitcha Nyanja ya Malawi pomwe Atanzania amaitcha Nyasa, kuli mudzi wa Liuli, womwe lero uli m'boma la Nyasa, m'chigawo cha Ruvuma. Pa mapu ambiri a kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 malowa analembedwa kuti Sphinxhafen, kutanthauza doko la Sphinx, chifukwa Ajeremani amene ankalamulira dzikolo anaona pagombepo mwala waukulu umene m'maso mwawo unkafanana ndi chosema chakale cha ku Giza m'dziko la Egypt, chokhala ndi thupi la mkango ndi mutu wa munthu. Dzinali silinathe ngakhale zaka 30 likugwira ntchito, komabe ndi limene mabuku a mbiri ya nkhondo amalitchula mpaka lero, ndipo zimenezi zachititsa kuti mudzi wakale wa asodzi ndi alimi a chinangwa uzidziwika kunja chifukwa cha zimene zinachitika m'mawa wa tsiku limodzi lokha.

Kwawo ku Germany, Ajeremaniwa ankaudziwa bwino mtundu wa timidzi timene timabadwa chifukwa cha makina amodzi. M'zigwa za kumidzi munali zigayo zoyendera madzi, momwe gudumu lalikulu lamatabwa linkazunguzidwa ndi mphamvu ya mtsinje n'kumatembenuza mwala wa mphero wopera tirigu, ndipo pambali pa chigayo chotere pankamera nyumba ya mwini wake, ya antchito, khola, nkhokwe ndi chipala cha wosula zitsulo, mpaka malowo kusanduka kamudzi ka mabanja owerengeka kopanda tchalitchi ndi msika.  Zigayo zikuluzikulu zoyendera nthunzi zitafalikira m'mizinda, zigayo za m'zigwa zinayamba kutsekedwa. Timidzi tambiri tinangotsala ndi dzina. Sphinxhafen inali ya mtundu womwewu, kungoti makina amene anaibala anali sitima ya pamadzi, ndipo kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti inamangidwa pamalo pamene panali kale eni ake.

Gombe Ajeremani asanafike

Kuchokera pa mtsinje wa Ruhuhu kumpoto mpaka kumalire a Mozambique kumwera, gombeli ndi la mitundu ingapo yoyandikana: Amanda kufupi ndi Ruhuhu, Ampoto pakati, ndi Anyasa ku Mbamba Bay ndi kumwera kwake, omwe chinenero chawo ndi Chinyanja chofanana kwambiri ndi cha pa chilumba cha Likoma. Kumtunda, m'mapiri otsetsereka amene amaima ngati khoma kuseri kwa midzi, kumakhala Amatengo, odziwika ndi ulimi wa ngoro, womwe ndi kulima m'mphepete mwa timaenje tokumbidwa motsatizana pamtsetse kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Malo a pakati pa phiri ndi madzi ndi opapatiza, amchenga ndi amiyala ikuluikulu, choncho kuyambira kale ulendo wa pakati pa mudzi ndi mudzi unkaphweka pa ngalawa kusiyana ndi pansi, malinga mphepo ya mwera isanakalipe.

M'zaka za m'ma 1800 anthu a kugombe anapanikizika mbali ziwiri. Kumtunda kunali Angoni: poyamba a Maseko, amene anafika m'dera la Songea cha m'ma 1840 ndipo pambuyo pake anathamangitsidwa n'kubwerera kumwera, kumene zidzukulu zawo ndi Angoni a Gomani a ku Ntcheu, kenaka magulu a Njelu ndi Mshope amene anakhazikika kumeneko n'kumatsikira kunyanja kukalanda chakudya ndi anthu. Panyanja panali zombo za amalonda a akapolo ndi minyanga, zina zowoloka kuchokera ku Deep Bay, komwe lero ndi Chilumba, kupita ku Manda, kumene njira ya pansi yopita ku Kilwa inkayambira. Pofuna kupulumuka, mabanja ankamanga nyumba pakati pa miyala, pa tizilumba, ngakhalenso pamwamba pa mitengo yozika m'madzi. Chinangwa chinawayenera anthu okhala mwamantha chonchi, chifukwa chimapirira pamchenga, chimatha kukhala m'nthaka zaka ziwiri kapena kuposerapo popanda nkhokwe yoti adani n'kuiotcha, ndipo chimakumbidwa pang'onopang'ono monga mwa njala ya tsikulo. Amayi amachisenda, amachiviika m'madzi kwa masiku angapo kuti ululu wake uchoke ndipo chifewe, amachiyanika pamiyala yotentha ndi dzuwa mpaka chiume gwaa, kenaka n'kuchisinja mumtondo kuti apeze ufa woyera wa kondowole, nsima yonanda imene ndiwo yake yeniyeni ndi usipa. Umenewu ndiwo unali maziko a moyo wa pa Liuli azungu asanabwere, ndipo ndiwo unatsala iwo atachoka.

Sitima ndi kamudzi kake

Malire anadulidwa kutali, eni gombe osafunsidwa. Mu Disembala 1886 Germany ndi Portugal anagwirizana kuti mtsinje wa Ruvuma ulekanitse maiko awo, mzere wake n'kupitirira mpaka kunyanja, ndipo pa 1 Julayi 1890 Britain ndi Germany anasayina pangano la Heligoland ndi Zanzibar, limene linati malire a dziko la Ajeremani azitsatira gombe la kum'mawa, la kumpoto ndi la kumadzulo kwa nyanjayi mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Koma pangano lapapepala silikanatha kulamulira gombe lopanda misewu, ndipo n'chifukwa chake Ajeremani anafuna sitima. Sitimayo inamangidwa ku Hamburg ndi ndalama zimene bungwe lina lothana ndi ukapolo linasonkhanitsa, inatumizidwa ili zidutswazidutswa kudzera pa Chinde, mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, inalumikizidwa pa Mpimbi m'dera la Angerezi, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1893. Inapatsidwa dzina la Hermann von Wissmann, msilikali amene anatsogolera ulendowo, yemwenso m'chaka chomwecho anakhazikitsa boma la Langenburg pa Lumbira, kumpoto kwa nyanja. Manda nayo inasinthidwa dzina kukhala Wiedhafen.

Pa zaka zoyambirirazo azungu a mbali ziwiri za nyanja ankathandizana, kotero kuti kumapeto kwa 1895, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi, ankapita ku Karonga kukathira nkhondo Mlozi, wamalonda a akapolo, sitima ya Ajeremaniyi, motsogozedwa ndi kaputeni Berndt, inanyamula nawo asilikali a Angerezi. Mfundoyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa imasonyeza kuti udani wa mu 1914 sunabadwire panyanja pano ayi.

Sitima yoyendera nthunzi imafuna zinthu ziwiri kosalekeza, zomwe ndi nkhuni ndi malo okonzerapo. Moto wa m'ng'anjo yake umawiritsa madzi m'thanki yachitsulo, nthunzi yake n'kumakankha makina ozunguza chopalasira cha kumbuyo, ndipo popeza panyanjapa malasha sankapezeka mosavuta, pa doko lililonse pankaunjikidwa milu ya nkhuni zodulidwa mofanana utali, zimene amuna a m'midzi ankagwetsa m'mapiri n'kusenza mpaka pagombe. Thupi lake lachitsulo limachita dzimbiri ndipo limamera ndere, choncho nthawi ndi nthawi imayenera kukokeredwa kumtunda kuti ipalidwe, misomali yake yomangira zitsulo isinthidwe, ndipo ipakidwenso utoto. Pa Liuli panali kagombe kobisika kotchingidwa ndi miyala, ndipo pamenepo Ajeremani anayala njira yotsetsereka yolowa m'madzi, yokhala ndi chikuku chimene sitima inkakhalapo pokokedwa ndi zingwe. Kamudzi ka Sphinxhafen kanali kameneka: njira yokokerapo sitima, malo osungira zida ndi nkhuni, ndi nyumba zochepa za oyang'anira. Ntchito yolemetsa yonse, ya kudula, kusenza, kukoka ndi kupala, inali ya anthu akuda, ndipo chimene chinkawatulutsa m'midzi mwawo kwambiri chinali msonkho wa nyumba umene boma la Ajeremani linayamba kutolera mu 1898, womwe munthu wopanda ndalama ankaulipira ndi thukuta lake.

Ukali wa ulamulirowu unaonekera poyera pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, pamene mitundu yambiri ya kumwera kwa dzikolo inaukira Ajeremani pokhulupirira kuti mankhwala a madzi asandutsa zipolopolo kukhala madzi. Angoni a ku Songea anali m'gulu la oukirawo, ndipo mishoni ya Peramiho, imene ansembe a Chibenedikito ochokera ku St. Ottilien anaikhazikitsa mu 1898, inawonongedwa. Pa 27 Febuluwale 1906 mafumu ndi nduna zambiri za Angoni, kuphatikizapo Mputa Gama, ananyongedwa ku Songea, ndipo njala imene inatsatira kuotchedwa kwa minda ndi nkhokwe inapha anthu ochuluka kuposa amene anafa ndi mfuti.

Ogasiti 1914

Britain inalengeza nkhondo yolimbana ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Uthengawo unafika msanga ku Zomba kudzera pa waya wa telegilafu, ndipo bwanamkubwa wa Nyasaland, George Smith, anaona kuti amene angalamulire nyanja ndiye angathe kutumiza asilikali ndi chakudya kumalire a ku Karonga. Analamula kaputeni Edmund Rhoades, woyendetsa sitima ya boma yotchedwa Gwendolen, yomwe inayamba kuyenda mu 1899 kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kuti akafunefune Hermann von Wissmann. Rhoades anawoloka kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo m'bandakucha wa tsiku lina pakati pa mwezi wa Ogasiti anaipeza sitimayo ili kumtunda pa Sphinxhafen, ikukonzedwa. Mzinga waung'ono wa pa Gwendolen unawombera mpaka chipolopolo china chinagunda. Nkhani imene yakhala ikufotokozedwa kuyambira nthawi imeneyo imati kaputeni Berndt, yemwe anali bwenzi la Rhoades ndipo anali asanamve zoti kwabuka nkhondo, anapalasa kabwato kupita ku Gwendolen atapsa mtima, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera, ndipo atakwera m'sitimamo anauzidwa kuti tsopano ndi mkaidi. Angerezi anachotsa mzinga wa sitimayo ndi zitsulo zina za makina ake, n'kubwerera.

Mabuku ambiri amati imeneyi inali nkhondo yoyamba ya pamadzi m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ngakhale kuti pa 5 Ogasiti sitima za Britain zinali zitamiza kale sitima ya Germany yotchedwa Königin Luise m'nyanja ya North Sea. Chimene sichikayikitsa n'chakuti zotsatira zake zinali zazikulu kuposa kukula kwa chochitikacho, popeza Ajeremani ataukira Karonga pa 9 Sepitembala 1914 analibe sitima yowathandiza ndipo anabwezedwa. Pa 30 Meyi 1915, poopa kuti sitimayo ingakonzedwenso, Angerezi anabwereranso ku Sphinxhafen ndi asilikali a King's African Rifles, anamenyana ndi alonda a padokopo, n'kuiwononga sitimayo kwambiri pamodzi ndi njira yake yokokerapo. Apa ndiye kamudzi ka Ajeremani kanathera, pakuti chimene chinakabala chinali chitachotsedwa. Sitimayo pambuyo pake Angerezi anaikonza n'kuitcha King George, ndipo mzinga wa Gwendolen uli mpaka pano ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Nkhani ya makaputeni awiriwa imakoma kuifotokoza, ndipo vuto lake lili pomwepo, chifukwa imaphimba zimene nkhondoyo inachita kwa anthu a m'mbali zonse za nyanja. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene sadzapindulapo kanthu, ndipo zaka zotsatira zinatsimikiza mawu ake. Kuyambira mu Meyi 1916 gulu lankhondo la Angerezi lotsogozedwa ndi Edward Northey linalowa m'dziko la Ajeremani, Songea inalandidwa mu Sepitembala chaka chomwecho ndi asilikali amene anatsikira pa Wiedhafen, ndipo madoko a gombeli, kuphatikizapo Mbamba Bay, anasanduka makomo olowera katundu wankhondo. Kuchokera pagombe katunduyo ankakwera mapiri ali pamitu ya amtengatenga, amuna ogwidwa m'midzi kuti azisenza chakudya ndi zipolopolo. Ku Nyasaland kokha anthu pafupifupi 200,000 analembedwa usilikali kapena utengatenga, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Midzi ya tsidya la kum'mawa inalandidwa amuna ndi chakudya ndi magulu onse awiri, makamaka pamene mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawolokanso Ruvuma kumapeto kwa Sepitembala 1918 n'kudutsa m'dera la Songea, ndipo nkhondo isanaiwalike kunagwa mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919.

Chimene chinasunga Liuli

Kuti Liuli sinasanduke bwinja, chifukwa china chinali mishoni ya Anglican ya Universities' Mission to Central Africa, yomwe likulu lake la panyanja linakhazikitsidwa ku Likoma mu 1885. Munthu amene anaumba ntchito yake pagombe la kum'mawa anali William Percival Johnson, yemwe anabadwa mu 1854, anafika panyanjayi mu 1882, ndipo ngakhale matenda a maso anamusiya akuona movutikira kuyambira 1884, anatha zaka zoposa 40 akuyendera midzi. Njira yake inali yosiyana ndi ya amishoni ambiri: m'malo mosonkhanitsa anthu pamalo amodzi, ankasiya mphunzitsi wachikuda m'mudzi uliwonse wolola, ndipo sitima, poyamba Charles Janson kenaka Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901, inkazungulira midziyo itanyamula wansembe, mabuku ndi mankhwala. Aphunzitsi ambiri anali a ku Likoma ndi a gombe la Apwitikizi, olankhula Chinyanja, ndipo Johnson anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kumeneko. Anamwalira pa Liuli mu Okutobala 1928 ndipo anaikidwa pomwepo. Mudziwo unakula kukhala likulu la mpingo wa Anglican m'deralo, wokhala ndi tchalitchi chachikulu cha Holy Cross ndi chipatala cha St. Anne, chomwe chikuthandizabe odwala a m'midzi ya kugombe. Akatolika nawo anatsegula mishoni ya Lituhi kufupi ndi Ruhuhu mu 1912, ndi ya Litembo pakati pa Amatengo mu 1914.

Sukulu za m'midzi zinabala anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga m'dera limene linalibe ntchito zowalemba, choncho m'nthawi ya ulamuliro wa Britain, umene League of Nations inauvomereza mu 1922 dzikolo likutchedwa Tanganyika, gombeli linasanduka kwawo kwa anthu opita kutali. Amuna ankapita kumigodi ya golide ya Lupa m'ma 1930, kuminda ya khonje ya ku Tanga, ku Dar es Salaam, ndipo ena ankawoloka nyanja n'kulowera ku Southern Rhodesia ndi ku Joni pamodzi ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Mwa ana a gombeli amene anatchuka muli Oscar Kambona, yemwe anabadwira ku Kwambe pafupi ndi Mbamba Bay mu 1928, mwana wa wansembe wa Anglican, amene anadzakhala mlembi wamkulu wa chipani cha TANU ndi nduna ya zakunja asanathawire ku London mu 1967. Gule wa mganda, amene amuna amavina atandanda m'mizere, atavala zoyera, akuimba malipenga a zikho, ndi wofanana ndi malipenga a Atonga, ndipo mayendedwe ake anatengera perete wa asilikali amene anthu a mbali zonse ziwiri anamuona m'zaka za nkhondo.

Mawu a pangano la 1890 akuvutabe. Malawi amawatenga monga momwe analembedwera ndipo amati malire ali pagombe la Tanzania, pomwe Tanzania kuyambira 1967 yakhala ikunena poyera kuti malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja. Mkanganowu unabukanso mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja, ndipo unaperekedwa kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino motsogozedwa ndi Joaquim Chissano, koma sunathe. Kwa msodzi wa pa Liuli, amene amatuluka usiku ndi nyali ndi khoka la chilimira n'kubwerera m'mawa kudzayanika usipa pathandala, nkhaniyi si ya pamapu chabe, chifukwa madzi amene akukanganiranawo ndi amene amamudyetsa.

Boma la Nyasa linadulidwa kuchokera ku Mbinga mu 2012, ndipo kalembera wa chaka chimenecho anapeza anthu 146,160 m'dera lake, lomwe likuphatikiza gombe lonse pamodzi ndi mapiri a Mpepo ndi Tingi kufupi ndi malire a Mozambique. Likulu linaikidwa ku Mbamba Bay osati ku Liuli, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: ku Mbamba Bay ndi kumene msewu wochokera ku Mtwara, wodzera ku Songea ndi Mbinga, umafikira nyanja. Gawo lake lomaliza, la makilomita 66 kuchokera ku Mbinga, tsopano lili ndi phula, ndipo mu Sepitembala 2024 pulezidenti wa Tanzania, Samia Suluhu Hassan, anaika mwala wa maziko a doko latsopano pamenepo, moyang'anana ndi Nkhata Bay. Cholinga chachikulu cha dokoli ndi katundu wolemera, monga malasha a m'dera la Mbinga ndi katundu wopita ku Malawi ndi Zambia. Zimenezi n'zabwino, koma maboma awiriwa ayenera kuonetsetsa kuti pakati pa Mbamba Bay, Liuli, Likoma ndi Nkhata Bay pazikhalanso sitima yodalirika ya anthu wamba, yokhala ndi tsiku lodziwika ndi mtengo woti mayi wogulitsa usipa kapena wodwala wopita kuchipatala angakwanitse.